Mmene a Dolika anamanira mwana mkaka

Ana inu, mwambi wina mumangoumva pakamwa pa akulu osadziwa kumene unachokera. Ena amati ndi wakalekale, ndipo sindikangana nawo. Koma kwathu kuno, kufupi ndi Bvumbwe, timadziwa khomo limene unatulukira.

Pamudzi pathu panali akazi awiri a bere limodzi. Wamkulu anali a Dolika, amene anali ndi ng'ombe ya mkaka m'khola. Wamng'ono anali Eneresi, mayi wa mwana wamwamuna dzina lake Tikhale. Mwanayu anachedwa kukhala, anachedwa kuyenda, ndipo anzake atayamba sukulu iye anali asanatchulebe mawu omveka. Izi Eneresi anazilandira. Chimene chinkamudya mtima n'chakuti mwanayo ankalira tsiku ndi tsiku atapinda miyendo, mimba itafufuma, kutsegula kosaleka. Poti sankayankhula, sakanatha kunena pamene pakupweteka. Ankangodziluma dzanja.

Anthu ananena zambiri, monga mukudziwa anthu. Eneresi anamva zonse, kenako anabereka mwana ulendo wa kuchipatala. Dokotala wa ana anayamba wayeza za njoka za m'mimba ndi matenda ena, osapeza kanthu. Ndiye anamukhazika pansi Eneresi n'kumuuza mosabisa kuti chakudya sindicho chinachedwetsa mwana kuyankhula, ndipo kumusiyitsa chakudya sikungamuyankhulitse. Koma mimba yokhayo, anatero, mwina pali chimene sichiyanjana nayo. Anati njira yodziwira ndi yofuna kudekha: kuchotsa chakudya chimodzi chokha kwa milungu ingapo, kuona ngati mwana wapeza bwino, kenako kumupatsanso kuti aone ngati vuto libwerera. Anamuchenjeza kuti asachotse zambiri nthawi imodzi, kuopa kuwondetsa mwana komanso kusadziwa cholakwa chenicheni. Anati ayambire mkaka, ndipo m'malo mwake achulutse usipa, mazira ndi phala la nsinjiro.

Eneresi anachita zomwezo. M'nyumba mwake mkaka unasiya kulowa, ngakhale wa mu tiyi wa amuna ake. Milungu inapita, koma Tikhale ankalirabe monga kale. Mayiyo anabwerera kuchipatala atagwa mphwayi, n'kunena kuti mkaka ulibe mlandu. Dokotala asanavomere anamufunsa funso limodzi: kodi mwanayu amadya m'nyumba zingati?

Apa Eneresi anagwira pakamwa. Kwathu mwana sadya nyumba imodzi. Akapeza anthu akudya amamusambitsa m'manja, ndipo womana mwana timamuimba m'nyimbo za pamtondo. Tikhale m'mawa uliwonse, mayi ake ali kumunda, ankapita kukhola kwa amayi ake aakulu ndi kapu yake ya pulasitiki, n'kuima pafupi pamene akukama. A Dolika ankamuthirira mkaka wofunda mpaka kudzaza.

Musaganize kuti a Dolika sanamve za lamulo la kuchipatala. Anamva ndithu. Koma chaka chimene iwo anagona ndi nthenda ya msana, anali Eneresi amene anawalimira munda wonse, kupalira ndi kukolola, mimba ya Tikhale yemweyo ili patsogolo. Zoterezi sizibwezedwa ndi zikomo wapakamwa. Kapu ya mkaka ija inali khasu limene a Dolika ankabweza pang'onopang'ono, ndipo mumtima ankati madokotala sadziwa njala ya mwana.

Eneresi sanakalipe. Anangowatenga akulu akewo n'kuwakhazika pakhonde masana, nthawi imene mimba inkamugwira mwana, kuti aone okha. A Dolika anaona Tikhale akugubuduka pamphasa, akudziluma mpaka dzanja kutuluka magazi.

"Achemwali," anatero Eneresi, "sindikuti ndi mkaka wanu. Sindikudziwa. Ndikungopempha kuti tidziwe."

M'mawa mwake Tikhale anafika kukhola ndi kapu yake monga mwa masiku onse. Anaitambasula. A Dolika anapitiriza kukama, maso ali pansi. Mwanayo anawagunda nayo paphewa, kenako anayamba kulira kulira kwake kuja kobaya m'makutu, n'kudzigwetsa m'matope. Amayi amene ankapita kumjigo anaima ndi zidebe zawo. Mmodzi wa iwo, a Nachisale, amene lilime lawo silinkapuma, anaseka n'kunena mokweza kuti ndalama za mkaka zawalowa a Dolika m'mutu, mpaka kumana mwana wa mng'ono wawo, mwana wosayankhula n'komwe.

A Dolika anaimirira. Anavundikira chidebe, n'kunyamula mwanayo ndi matope ake omwe, ngakhale anali wolemera, n'kumubereka kumbuyo.

"Akanakhala wa mnzanga ndikanam'patsa, kuti mundiyamike," anayankha. "Koma uyu ndi wanga yemwe. Ndipo inunso a Nachisale, tiyi wanu wa mkaka uja mumam'mwetsa, lero athe."

A Nachisale anayang'ana kumbali, chifukwa zinali zoona. Tsiku lomwelo a Dolika anayenda khomo ndi khomo mwana ali kumbuyo, kuuza aliyense kuti wofuna kum'patsa Tikhale kanthu am'patse mbatata, nthochi kapena chinangwa, koma mkaka ayi. Masiku oyambawo anali owawa. Mwanayo ankafikabe kukhola, ndipo a Dolika ankamuikira mbatata yootcha m'kapu muja, iye n'kuitaya. Kenako anasiya kutaya.

Mwezi usanathe, kulira kunachepa. Mimba inaphwa, chilonda cha padzanja chinauma, ndipo mwanayo anayamba kukhala pansi n'kumasewera ndi zitsekerero za mabotolo mpaka dzuwa kupendeka. Itakwana nthawi yoyesa, Eneresi anapempha a Dolika kuti kapuyo athire okha. Anathira theka. Masana omwewo mimba inabwerera, ndipo mudzi wonse unadziwa choona popanda wokangana. Pambuyo pake, mouzidwa ndi dokotala, anayesa chambiko pang'ono, n'kupeza kuti chimenecho mimba yake imachilola.

Tikhale lero ndi mnyamata wamkulu. Mawu ake ndi owerengekabe, ndipo palibe amene anamulonjeza zoposa pamenepo. Koma a Dolika msana unawatheratu, ndipo amene amamweta nsenjere ndi kutunga madzi a ng'ombe yawo ndi iyeyo.

N'chifukwa chake timati, mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ambiri amaganiza kuti kuchenjera manja n'kupatsa kokha. Ayi. Wako weniweni umam'patsa chimene chim'thandize, ndipo chomupweteka umam'mana ngakhale anthu akuseke. Dzanja lochenjera limadziwa potambasula, limadziwanso pofumbata.