Zidina Zimene Zinabisidwa Kudambo

"Ndiye zidina tituta Loweruka, eti?"

"Loweruka lake liti?"

"Likubwerali. Amayi a m'miphakati yonse inayi ndawauza kale abwere ndi nkhata. Tikasanja uvuni sabata imodzi, inayo moto."

"Kawauzeni nkhatazo akasenzere madzi kwawo. Chidina ngakhale chimodzi sichichoka kudambo."

Wofunsayo anali a Simon, kapitawo wa ku esiteti ya tiyi, katswiri wowotcha zidina, kapena kuti njerwa, amene uvuni wake sunkatulutsa zaziwisi. Wokanayo anali a Bizwick Namakhwa, wapampando wa tchalitchi chaching'ono cha Katolika chakumtunda kwa Milonde. Anali ataima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchicho, pamene Esteri, mwana wa mlongo wawo wa a Bizwick, ankaphunzitsira ana a mkombaphala m'kati mwa sabata ndi katekisimu Loweruka. M'tchalitchi anawo sankaloledwa kuyambira pamene anathyola dzanja la chifaniziro cha Yosefe Woyera. Choncho mphepo ikawomba ankaphunzira fumbi, mvula ikagwa ankaphunzira liwiro.

Nkhani yake inayamba m'mwezi wa Juni. Bambo Mfumu atabwera kudzachita Misa analengeza kuti parishi yapeza malata okwanira kalasi imodzi, koma matchalitchi ofuna malatawo ndi awiri.

"Ine sindifolera mphepo," anatero. "Pa tsiku la Khristu Mfumu, kumapeto kwa Novembala, ndidzayendera konse kuwiri. Kumene ndikapeze zipupa zitafika pamawindo, malata apita komweko. Ndipo musamati kalasi ndi nkhani ya boma. Mwana amene waphunzira kugwira pensulo pabwalo la tchalitchi, njira ya kutchalitchi saiiwala."

Akhristu anamva. Kudambo, m'mbali mwa kamtsinje kochokera kuphiri, kunali dothi lomata bwino. Othyola tiyi ankati akakweza masamba awo pasikelo, m'malo mopita kunyumba ankatsikira kumeneko, abambo kuponda matope, amayi kutunga madzi. Ngakhale a Juma, Msilamu amene adzukulu awo awiri ankakhala nawo pansi pa mango paja, anabwereketsa zikombole zawo. Nkhuni nazo zinabwera mwa njira yake: mayi aliyense pobwera ku Misa ankasenza mtolo umodzi, n'kuutula pakhomo, kenako n'kulowa kukapemphera. Pofika Seputembala zidina zinali zitauma gwa m'mizere yake, zitafunditsidwa udzu, ndipo mulu wa nkhuni unali utapitirira zenera la tchalitchi.

Ndiye kunabwera Pepa Sande, Lamulungu losonkhetsa ndalama za tchalitchi. Mlendo wolemekezeka anali a Morton, mwana wa m'mudzi momwemo amene anakakhazikika ku Blantyre n'kumagwira ntchito kubungwe lina lothandiza anthu. Anavina bwino popita kukaponya envelopu yawo, moti kwaya inabwereza nyimbo kawiri. Pachakudya, akuswa fupa la nkhuku, anaweramira kwa a Bizwick.

"Achimwene, zidina n'zachikale izi. Ndili ndi anzanga kunja, anthu a mtima wabwino, koma mtima wawo uli m'maso. Akangoona ana ali pafumbi, basi. Timanga ndi mabuloko a simenti. Makalasi atatu, osati kamodzi kanuka. Mwezi wamawa ndibwera nawo adzaone okha."

Tisawanamizire a Morton: sananene kuti kanthu kabisidwe. Zotsalazo a Bizwick anaziluka okha ali panjinga popita kwawo. Ngati mlendo amapereka chifukwa waona kuti mulibe, nanga akapeza uvuni ukufuka utsi pabwalo adzaona chiyani? Adzaona anthu okwanitsa. Ndipo wokwanitsa amamuthandiza ndani? Pofika pakhomo pawo funso linali litayankhidwa: umphawi wa tchalitchi chawo unali chuma, ndipo chuma chimafunika kusamalidwa.

N'chifukwa chake a Simon anabwezedwa pansi pa mango paja. Esteri, amene ankatolera timiyala towerengera ta ana, anadzuka.

"Amalume, malata aja ndi a kalasi yanga. Kwatsala miyezi iwiri yokha."

"Iwe, ukulirira kalasi imodzi pamene akukubweretsera atatu? Ndiwe mphunzitsi wanji wosadziwa kuti chachikulu n'chiti?"

"Imodziyo ndaiona, ili kudambo. Atatuwo ali kuti?"

"Ali m'njira."

"Akwera chiyani, kabaza?"

A Simon anaseka, koma a Bizwick anawaponyera diso, kuseka n'kuthera pakhosi.

"Sukulu yako ndinalipira ndine," a Bizwick anauza Esteri. "Usandiyankhe pagulu ngati ndine mnzako wa fulaye."

Okutobala analowa ndi dzuwa lake lowamba. Alendo analonjeza Lachiwiri. A Bizwick anatumiza uthenga m'miphakati kuti ana abwere monga alili, osasamba, osavala nsapato. Koma ndi mayi uti amene angaonetse mwana wake kwa alendo ali mbuu? Ana anabwera atadzola mafuta mpaka kunyezimira, ena m'madiresi a Khirisimasi, wina atavala tayi ya bambo ake yofika m'mawondo. A Bizwick anangogwira m'chiuno. Mwamwayi, kapena mwatsoka, alendowo sanabwere. Galimoto inali kugalaja. Lachiwiri linalo mmodzi wa iwo anatsegula m'mimba. Linalo kunali msonkhano ku Lilongwe.

Munthu wodikira sakhala pansi. A Bizwick ankakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba yawo, pamene netiweki imagwira bwino, m'mawa, masana ndi madzulo, foni ili m'mwamba ngati akudalitsa mudzi. Galimoto iliyonse yodutsa pamsewu wa esiteti inkawadzutsa pachakudya. A Simon nawo sankakhazikika, koma iwo maso awo anali kuphiri. Mitambo inali itayamba kusonkhana pamwamba pake masana aliwonse n'kubalalika madzulo, ngati anthu amene akupangana tsiku.

Pamsonkhano wa komiti a Simon anayesanso.

"A tcheya, chabwino, moto tisayatse. Koma tiyeni tingozikweza kumtunda kuno, tizisanje kuseri kwa nthochi, tifundepo pepala la pulasitiki. Kamtsinje kaja ndimakadziwa ine. Ndinabadwira pompo."

"Azungu simuwadziwa inu, a Simon. Amazungulira paliponse, ndi kuchimbudzi komwe amakajambula. Akapeza njerwa kuseri kwa nthochi ndidzati n'za ndani? Za mizimu?"

"Mudzati n'zathu. Kodi n'zakuba?"

"Nkhani yatha. Tipemphere."

Pemphero lotsekera msonkhano lili ndi ubwino umodzi: palibe amene amaimika dzanja m'kati mwake.

Esteri anali nayo nambala ya Bambo Mfumu. Kawiri konse anaitsegula, chala chili pamwamba pake. Koma ukakaneneza mwini mbumba kwa ansembe, mawa lake udzalowa bwanji pakhomo pa amayi ako? Anaibweza foniyo m'chikwama. M'malo mwake anapita kwa mayi Rute, mkulu wa Amayi Achikatolika, kukawapempha kuti amayi angotuta okha m'mawa wina, a tcheya asanadzuke. Mayi Rute anapukusa mutu.

"Mwanawe, tinawasankha tokha ndi manja athuwa. Tikatuta, alendo n'kukana kupereka, mlandu udzakhala wa amayi mpaka kumanda. Umawadziwa abambo a muno."

Mulu wa nkhuni nawo unayamba kuphwa. Kunagwa maliro kumphakati wina, anthu anati tibwerekeko pang'ono, si zikungokhala. Kunali chinkhoswe cha mwana wa katekisiti. Kunalinso Lachiwiri lililonse lophikira alendo osabwera, mpunga wake n'kudyedwa ndi komiti mwachisoni.

Tsiku lake linali Lachitatu, sabata yoyamba ya Novembala. Pamudzi dzuwa linali likuswa mtengo, ngakhale dontho silinagwe. Koma kuphiri kunali kutada bii kuyambira m'mawa, ndipo amene anakulira m'munsi mwa phirilo amadziwa kuti mvula ya kumeneko siichita kukugwera pamutu, imabwera wapansi. A Simon anaumva mkokomowo ali m'munda wa tiyi. Anasiya anthu awo pasikelo n'kuthamanga akukuwa. Esteri anauza ana kuti asachoke pamtengo, naye liwiro. Amayi anatuluka m'nyumba ndi mabeseni, a Juma ndi wilibala.

Anapeza dambo lonse lili madzi ofiira okhaokha. Kamtsinje kamene dzulo lake mwana ankakalumpha kanali katatambasuka mpaka m'mizere ya zidina, udzu wofundira ukuyandama pamwamba. Anthu analowa m'madzi ofika m'mawondo, anaima mzere n'kuyamba kupatsirana dzanja ndi dzanja. Zidina zoyambirira zinafika kumtunda zathunthu. Zotsatira zinafika zopanda ngodya. Kenako munthu ankatola chidina n'kupatsira mnzake phala. Mayi wina, amene anaumba nawo ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, anakhala pansi m'matopemo n'kuyamba kutukwana m'Chilomwe, ndipo panalibe womuletsa, ngakhale katekisiti. Zimene anapulumutsa zikanakwana khola la nkhumba, nalonso laling'ono.

A Bizwick anafika mochedwa chifukwa anali pachulu. Anaima kumtunda nsapato zili m'manja. Palibe anawanyoza. Anthu ankangowalambalala ngati chitsa.

Uthenga wa a Morton unafika Lachisanu. Esteri ndi amene anawawerengera amalume ake, chifukwa mbali yaikulu inali m'Chingerezi. Anzawo aja sakwanitsa kubwera chaka chino, unatero uthengawo, koma nkhani ya kalasi aikonda kwambiri. Lamulo la bungwe lawo ndi limodzi lokha: amathandiza okhawo amene ayamba kale kudzithandiza. Choncho atumiziridwe msanga zithunzi za zimene akhristu achita okha, kaya ndi njerwa, kaya nkhuni, kaya maziko. Pansi pake a Morton anawonjezera m'Chichewa: "Achimwene, zidina zija zitithandiza tsopano. Jambulani zonse."

"Werenganso," anatero a Bizwick.

Esteri anawerenganso. Mawu sanasinthe.

Zoumbanso panalibe. Mvula inali itayamba yeniyeni, ndipo chidina cha mu Novembala sichiuma. Anthu nawo anali atatembenukira kuminda yawo, kumene chimene wabzala palibe angakuuze kuti uchibise. A Simon ankati akakumana ndi a tcheya panjira, moni wawo unali wa mawu awiri, wachitatu n'kumeza.

Pa tsiku la Khristu Mfumu, itatha Misa, Bambo Mfumu anapempha kuti awaonetse zipupa. Komiti inawatengera kuseri kwa tchalitchi, pamene panali zikhomo zinayi za maziko a kalasi ndi chingwe chimene mbuzi zinali zitadya mbali imodzi. Ansembewo anayang'ana zikhomozo. Zonse anali atazimva kale, pakuti nkhani yotere siidikira kalata.

"Kwa anzanu uko ndachokako m'mawa uno," anatero. "Zipupa zawo n'zokhota, mmisiri wawo ndiyesa ankayeza atatsinzina. Koma zaima. Malata ndawauza akatenge mawa."

A Bizwick anayamba kufotokoza za makalasi atatu, za mabuloko, za anzawo a a Morton amene mwina chaka chamawa. Ansembe anawagwira paphewa mofatsa.

"A tcheya, Mulungu anakusungitsani dothi, madzi, nkhuni, ndi anthu ofuna kugwira ntchito osalipidwa. Pa zinayi zimenezi, chovuta kuchipezanso n'chomalizacho."

Akuluakulu akale analibe mabungwe, analibe foni, koma malonjezo ankawadziwa bwino, ndipo nkhani ngati iyi anaimanga m'mawu ochepa: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. A Bizwick anachotsa wapamphuno n'kumubwezera pachala kuti alendo aone kuti alibe. Mphepo inangochita ntchito yake.

Galimoto ya ansembe itazimiririka m'minda ya tiyi, madontho anayamba kugwa, akuluakulu, amodziamodzi. Anthu anabalalika ataphimba mitu ndi zitenje. Mayi wina anadutsa pafupi ndi Esteri n'kumuuza motsitsa mawu kuti asadandaule akaona ana ake awiri sakubwera, chifukwa chifuwa chimene anawo anatenga pamvula chaka chatha sanachiiwale. A Juma anangogwedeza mutu ali patali. Pabwalo panatsala komiti, itaunjikana pansi pa khonde lopapatiza la tchalitchi, aliyense akuyang'ana nsapato zake.

Esteri sanathawire pakhondepo. Anaima pamvula pomwepo, moyang'anizana ndi amalume ake.

"Amalume, mawa ndi Lolemba. Otsalawo akabwera ndiwakhazika pati?"