Thumba la Zipolopolo la Lufeyo

Ana inu, zipolopolo zimafanana pamaso pokha. Lufeyo, mlenje wa kumalire a Mchinji, ankazidziwa bwino zimenezi, komabe n'zimene zinamuliza.

Pa unyamata wake Lufeyo ankaperekeza alendo akunja okasaka nyama ku Luangwa. Posiya ntchitoyo, alendo awiri anamutsazika ndi zipolopolo zokwana pa mfuti yake. Wina anali wa ku Finland, winayo wa ku Amereka. Za ku Finland zija zinali zolemererapo, ndipo ukawombera pa mtengo zinkalowa malo amodzimodzi. Za ku Amereka zinali zopepuka, zaliwiro, zofika patali. Zonse zinali zabwino ndithu. Kungoti mfuti imachunidwa pa mtundu umodzi wa zipolopolo. Yake anaichuna pa zolemera, choncho zopepuka zinkadutsa m'mwamba pang'ono.

Malume ake, a Gwedeza, amene anakalamba akusaka ndi mfuti yachikale ya gogodela, ankamuuza kuti asankhe mtundu umodzi, winawo ausunge. Koma Lufeyo mtima unali pawiri. Lero atame za ku Finland, mawa za ku Amereka, mpaka anzake a pabawo anachita kutopa nazo. Mapeto ake anataya mabokosi n'kukhuthulira zonse m'thumba limodzi lachikopa, ati mlenje weniweni sasankha.

Lufeyo anali ndi galu, dzina lake Adzatopa. Anamulera yekha make atafa, kumumwetsa phala ndi chala. Galuyo ndiye anali maso ake kutchire, ndipo Lufeyo ankamukonda kwambiri, mwina kuposa abale ena.

Chaka china nguluwe yamphongo inavuta m'madimba. Inafukula mbatata, inagwetsa chimanga, anthu n'kugwira njakata. Poti Lufeyo ndiye anali ndi chiphaso cha mfuti, onse anadzadandaula kwa iye. M'mawa mwake anatapa zipolopolo m'thumba muja osayang'ana n'komwe, n'kulonga m'mfuti. A Gwedeza ankamuyang'ana ali pakhonde.

"Mphwanga, nguluwe yolasidwa theka imapha galu. Walonga ziti m'menemo?"

"Zonse n'zakupha, malume," anatero Lufeyo, nanyamuka.

Adzatopa anagwira fungo msanga, ndipo anakaivumbulutsa nguluweyo m'bango kumunsi kwa madimba. Inaima poyera, galu akuiuwa chapatali monga anaphunzitsidwira. Lufeyo analunjika paphewa n'kukhethemula. Chinatuluka chinali chopepuka. Chinakwera, n'kungoipala pamsana.

Chilombocho chinapenga. Chinatembenuka, liwiro kulunjika kwa mwini mfuti, ndipo Adzatopa analumphira pakati kuti achitchinge. Lufeyo anaganiza mwachangu kuti poti chipolopolo chapita m'mwamba, atsitse mfuti. Anatsitsadi. Koma chachiwiricho chinali cholemera, ndipo chinapita pomwe analozapo, m'dothi, pansi pa mimba ya nguluwe. Fumbi kuti kobo! Mmene chachitatu chinkaigwetsa, n'kuti mano ake atang'amba kale galu m'nthiti.

Anthu a m'madimba anathamangira nyama ndi mipeni, akululutira. Lufeyo sanatengeko ngakhale chiwindi. Anavula malaya, anakulungamo Adzatopa, n'kumusenza mpaka kwawo. Galuyo anafera m'njira.

A Gwedeza sanamukalipire. Anapempha thumba lija, nakhuthulira zipolopolo pamphasa, n'kuyamba kuzipatula mwakachetechete, izi uku, izo uko. Atatha anafunsa kuti mwa milu iwiriyo woipa ndi uti. Lufeyo anayankha motsitsa mawu kuti palibe.

"Palibedi," anatero mkuluyo. "Uli ngati munthu amene mvula yamupeza paphiri pali mapanga awiri. Ili n'louma, ilo n'louma. Athamangire ili, akumbuke lija, abwerere. Mvula ikumuthera pamsana. Mapanga awiri avumbwitsa, mphwanga."

Mawu amenewa anamveka m'mudzi monse, ndipo anthu anayamba kuwanena pa zina zambiri, osati za mfuti zokha.

Ndiye mukamva akulu akuti mapanga awiri avumbwitsa, musaganize kuti akunena za chinthu chabwino ndi choipa. Pamenepo kusankha sikuvuta. Akunena za zinthu ziwiri zabwino, zimene chilichonse pachokha chikanakupulumutsani. Wokana kusiya chimodzi amakhala wopanda pobisala tsiku la mvula, ndipo nthawi zina wovumbwayo sakhala iye yekha. Amavumbwa pamodzi ndi amene ankamudalira.