Malalanje a Malemu Dzimbiri

Kalekale, ngakhale kuti misozi ya ena sinaumebe, kudera lotentha la ku Balaka kunali mayi wina dzina lake Nachisale. Mwamuna wake, a Dzimbiri, anadzala munda wa malalanje n'kugula pampu ya sola yokhala ndi kabokosi kotsegula ndi kutseka madzi kokha. Nyengo ikasintha, a Dzimbiri ankatchera kabokosiko mwatsopano, ali okha. Nachisale akafuna kuona, ankangoti, "Mayi, zisiyeni izi. Ine ndilipo."

Anamwalira mu Juni, kukuzizira, atatchera kuti madzi azituluka pang'ono.

Maliro atatha, a Kamwaza, mkulu wawo wa malemu, anakhoma loko pakanyumba ka pampu. "Alamu, katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka tidzakusudzuleni." Mu Okutobala dzuwa linaswa mtengo, makina akuthirirabe ngati kukuzizira. Masamba anapiringizika, maluwa n'kuyoyoka. Nachisale anapita kukagwada kwa a Kamwaza.

"Alamu, mitengo ikupsa."

"Mwamuna wanu sanawole n'komwe, inu mtima uli kale pa malalanje?"

Tiyese, mwana wamkazi wa Nachisale, atabwera kuchokera ku Lilongwe anaswa lokoyo ndi nkhwangwa. Anatchera madzi ambiri, m'mawa ndi madzulo, ndipo mitengo yotsala inatsitsimuka. A Kamwaza anamunyoza pagulu kuti ndi mwana wosaleredwa. Iye ananyamula chikwama ali wolusa, osawaonetsa mayi ake katcheredwe kake. "Amayi, ndidzachepetsa ndekha mvula ikayamba." Nthawiyo itakwana, sanabwere.

Mvula inagwa yamphamvu. Dothi lamakande linasunga madzi, makina osaleka kuthira. Kutchera Nachisale sankadziwa, koma kuzimitsa ankadziwa: batani limodzi lofiira. M'mawa ankaima pakhomo pa kanyumbako, dzanja lili m'mwamba. Kulira kwa pampuyo ndiko kunkatulutsa a Dzimbiri m'nyumba, ndipo pa zonse za mwamuna wake, ndi chokhacho chimene chinali kumvekabe. "Mawa," ankatero, n'kubwerera. Mizu inaola.

Tsiku losudzula, abale anakhala pakati pa mitengo youma. A Kamwaza anati, "Ine ndinasunga mwambo." Tiyese, amene anabwerera mwambowo, anati, "Ine ndinadzutsa zimene bambo aakulu anapha." Wina anayamba kutchula malemu, anzake n'kumutseka pakamwa. Pomaliza a Kamwaza anayang'ana mundawo, nati, "Alamu, uwu mukhoza kuutenga."

Tsono mwamva nokha. Anapha malalanje aja ndani: mwamuna amene anapita ndi nzeru zake kumanda, mlamu amene anatsekera madzi poopa mwambo, mwana amene anatsegula n'kuchoka, kapena mayi amene dzanja linamulemera pa batani?