Limu la pa Mkuyu wa M'malire

Pakhomo pa a Yotam Shaba, kumwera kwa Mzimba, panali mpando umene mlendo aliyense ankauyang'ana kawiri. Unali limu la lole, chitsulo chija chimagwira tayala, ndipo pamwamba pake anasanjikapo thabwa. M'mawa uliwonse a Shaba ankaukhalira pansi pa mtengo wa mango, kapu ya tiyi ili m'manja, maso ali ku nkhalango yawo ya paini imene inayambira kuseri kwa khola mpaka kukagunda chipilala cha malire a Malawi ndi Zambia.

Nkhalangoyo ndiyo inali mtima wawo. Bamboyu anakalambira m'nkhalango za ku Luwawa, akudzala mitengo ndi kuzima moto, ndipo atapuma pantchito anabwera ndi mbande zake kumudzi. Anazithirira ngati ana. Tsopano mitengo inali itatalika, itatsala pang'ono kuchekedwa matabwa, ndipo ukalamba wawo wonse ndi wa akazi awo, a Kezia, amene anthu ankawaitana kuti aNyaHara, unali utatsamira pamenepo.

Koma limulo silinabadwe mpando. Kale linkalendewera pa mkuyu wa pamalire. Anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi: chinenero chimodzi, maukwati olowana, chigayo chili ku Zambia, chipatala chili ku Malawi. Chokhacho chinkawadanitsa chinali moto wa m'tchire, chifukwa moto sufunsa chiphaso ukamawoloka. Akuluakulu a maboma onse awiri atatopa ndi milandu, anakhazika anthu pansi n'kupangana zinthu ziwiri. Chaka chilichonse akatha kukolola, midzi ya uku ndi uko izilambula pamodzi msewu wotchinga moto m'mbali mwa malire. Ndipo moto ukabuka kulikonse, woyamba kuuona aziimba limu la pa mkuyu, onse azithamangira komweko osafunsa kuti ndi dziko la ndani. Zaka zinadutsa bwinobwino, nkhokwe osapsa, mitu osasweka.

Zinaipa pa chisankho. Pamene ankasankha wapampando wa komiti ya mayiko awiriwa yoyang'anira panganolo, a Shaba anapita atavala jekete, mawu othokoza atakonzeratu. Manja atakwezedwa, anapambana ndi a Kingstone Zgambo a ku Zambia, bambo woseka ndi aliyense, woweta ng'ombe, wa ndevu zofika pachifuwa. A Shaba anaomba nawo m'manja mongokakamizika.

“Ine ndazima moto ku Luwawa mpaka imvi,” anatero atafika kunyumba. “Lero ndilamulidwe ndi munthu wodziwa michira ya ng'ombe basi? Yayi!”

“Mpando sudyedwa, a Shaba,” anayankha a Kezia. “Chofunika n'chakuti tchire lilambulidwe.”

“Lilambulidwire ndani? Tamverani, aNyaHara. Mphepo ya chilimwe kuno imachokera kum'mawa kupita kumadzulo. Moto wa ku Zambia sungabwere kuno, wathu ndiye umapita kwawo. Mbwenu zaka zonsezi takhala tikukhetsera thukuta anthu a dziko lina.”

Pa za mphepo sananame, ndipo vuto la munthu wouma mutu n'lakuti akapeza choona chimodzi amachikumbatira ngati mwana woyamba. A Shaba anayenda khomo ndi khomo ndi nzeru yawoyo, amuna a m'mudzi n'kuivomera msanga, pakuti ndani amakana uthenga womuuza kuti asagwire khasu? Nthawi yolambula itakwana, a ku Zambia anabwera ndi zikwanje zawo, anadikira, analambula chigawo chawo, n'kubwerera. A Kingstone anatuma mawu kawiri konse. A Shaba anatemetsa nkhwangwa pamwala, ndipo pofuna kuonetsa kuti nkhani yatha, anakamasula limu pa mkuyu ponena kuti analibweretsa ndi iwo kuchokera ku Luwawa. Umo ndi mmene mtendere wa mayiko awiri unasandukira chokhalira cha munthu mmodzi.

Mu Seputembala, osaka mbewa a ku Malawi anayatsa tchire kumpoto kwa mudzi. Moto unayenda monga a Shaba ananenera, unapeza chigawo chosalambula, n'kuwoloka malire ngati mkamwini wozolowera njira. Wa ku Zambia amene anathamangira ku mkuyu anapeza chingwe chokha chikulendewera.

A Kezia anali pamtondo pamene anaona utsi ukufuka kutsidya.

“A Shaba, kwa a Zgambo kukupsa!”

“Ali ndi wapampando kumeneko,” anayankha a Shaba, osanyamuka n'komwe. “Auze moto ukhale pansi, achite nawo msonkhano.”

A Kezia anamanga chitenje m'chiuno, anakuwa mokweza, amayi a m'mudzi n'kutuluka ndi ndowa zawo. Anawoloka malire ali chithamangire. Anapeza msipu wapita, nkhokwe imodzi ya a Kingstone ikunyeka, ndipo akazi awo, a Felesta, akulimbana okha ndi malawi amene ankanyambita nkhokwe yachiwiri. Amayi a ku Malawi anapanga mzere kuchokera pachitsime, ndowa ikuchoka m'manja kulowa m'manja, mpaka nkhokweyo inapulumuka pamodzi ndi khola la mathole. A Kezia anabwerera ndi matuza m'zikhatho. Amuna awo anaona matuzawo, nayang'ana kumbali.

Moto unazima koma mkwiyo unayaka. Anyamata a ku Zambia anati a Malawi anachita dala: anakana kulambula, anachotsa limu, kenako anayatsa. Anayamba kulondera njira ya kuchigayo atanyamula zibonga. Anyamata a ku Malawi nawo anati ngati zili choncho, njinga ya ku Zambia isadutse popita kuchipatala. Tsiku lina magulu awiriwa anakumana pa chipilala n'kuyamba kugendana, wina anabwerako ndi chotupa pamphumi. Amayi anabwerera kumtondo ngati kale, manja akuwawa, ndipo anthu amene dzulo ankaitanana alamu anayamba kutchulana mayina a mayiko. Nkhondo zambiri zimayamba chonchi, pa udzu umene wina anakana kudula. A Kingstone ankayesa kuziziritsa anyamata awo, koma mawu a munthu amene nkhokwe yake yapsa ndi anansi akuonerera salemera kwenikweni.

Kenako linafika tsiku lina la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Linali tsiku la msika ku Jenda, ndipo pafupifupi mudzi wonse unali utakwera mapikapu m'mamawa. Masana a Shaba ali pampando wawo anamva fungo limene mphuno yawo inkalidziwa kuposa fungo lina lililonse. Atatembenuka anaona utsi wakuda kum'mawa, ukubwera ndi mphepo, ukulunjika nkhalango yawo. Zaka zonse ankayang'anira mdani kumadzulo, n'kuiwala kuti mphepo yomwe ankainyadira ija, isanafike ku Zambia, imayamba yadutsa pa mitengo yawo.

Kapu inagwa. Munthu wodziwa moto amachita mantha kuposa wosaudziwa, ndipo a Shaba ankadziwa bwino chimene paini wouma pansi amachita akalawa lawi. Ankadziwanso mankhwala ake: kuyatsa moto wina m'mbali mwa njira ya ngolo imene inadutsa kum'mawa kwa nkhalango, kuti udye udzu n'kukakumana ndi mnzakeyo asanafike. Koma ntchito imeneyo imafuna anthu ambiri oima mumzere ndi nthambi. M'mudzi munatsala nkhalamba zitatu ndi nkhuku.

“Ndatha ine, aNyaHara,” anatero. “Ndatha nadi.”

“Simunathe. Mwangokhalira chithandizo chanu. Nyamukani pampandopo.”

A Shaba anayang'ana limu, anayang'ana akazi awo.

“Angabwere? Pambuyo pa zonse zija?”

“Mukafunsa ine mudziwa bwanji? Imbani, ndapota!”

Awiriwo anataya thabwa, anakoleka chingwe pa nthambi ya mango, n'kukoka chitsulocho akubuula mpaka chinalendewera. A Shaba anatenga nyundo. Kumenya koyamba kunali kwamanyazi, ngati munthu wogogoda pakhomo pa apongozi. Atamva moto ukuthetheka chapatali, manyazi anathawa, anamenya ndi mphamvu zonse.

Kutsidya, anyamata olondera njira anamva kulirako n'kuseka.

“Limu lauka kwa akufa! Lero azime okha. Ife tiyatse wathu m'mbali muno, titeteze kwathu, tizionerera.”

A Kingstone anafika akupuma mofulumira, ndipo kunena zoona nawonso anaima kaye, dzanja lili pa ndevu. Koma a Felesta anadutsa pakati pa anyamatawo ndowa ili pamutu, osachepetsa liwiro.

“Chimanga chimene mwadya m'mawa uno chachokera m'nkhokwe iti?” anafunsa. “Anaizima ndani? Matuza a aNyaHara sanapole n'komwe. Amene akufuna kuonerera akhale, ine ndapita.”

Anawoloka. Amayi ena anawatsatira. A Kingstone anatembenukira anyamata aja.

“Mwamva. Zibongazo ponyani pansi, thyolani nthambi zaziwisi. Tinapangana kuti limu likalira sitifunsa dziko.”

A Shaba anali akumenyabe chitsulo pamene anaona khamu likutuluka m'mitengo yawo ya paini, nthambi zili m'mwamba. Poyamba anayesa abwera kudzabwezera. Kenako anaona ndevu zija zili patsogolo. Nyundo inawapulumuka m'manja.

“A Zgambo, ine...”

“Zimenezo tikamba moto ukazima,” anadula a Kingstone. “Anthu ndi awa. Ine ndimadziwa michira ya ng'ombe basi, moto mumaudziwa ndinu. Lamulani, a Shaba.”

Apo a Shaba anadziwa kuti mawu awo aja anawoloka malire kalekale, koma nthawi yochita manyazi panalibe. Anayala anthu m'njira ya ngolo, aliyense motalikirana pang'ono ndi mnzake. Anayatsa muuni wa udzu n'kuyenda nawo m'mphepete, akufuula kuti lawi lililonse lodumpha njira limenyedwe pomwepo. Amayi ankathira madzi pamene pavuta. Anyamata omwe ankagenda miyala pa chipilala anamenya moto mpaka malaya kuda bii. Utsi unalowa m'maso, anthu akutsokomola, wina akuyambitsa nyimbo, ena akuvomera. Moto wawo unakwawa pang'onopang'ono kulowera kum'mawa, waukulu uja ukubwera ndi mkokomo, ndipo atakumana malawi anaima m'mwamba kamphindi n'kugwa pansi, chakudya chitawathera. Mitengo yochepa ya pangodya inawauka. Nkhalango yonse inatsala ili chiimire, yobiriwira.

Nthungululu zinalira. Mkati mwa chisangalalocho a Felesta anakuwa, akuloza amuna awo. Kamoto kouluka kanali katatera m'ndevu za a Kingstone, ndipo utsi unkatuluka pachibwano mwini wake akuseka osadziwa. A Shaba analumpha ngati mnyamata, anavula chipewa n'kuyamba kuwaphwanya nacho pankhope, phwa, phwa, phwa, mpaka kanazima.

“Yewo chomene,” anathokoza a Kingstone akusisita ndevu zotsala. “Koma nkhonya zinazo zinali za chisankho chija.”

Anthu anagwa nacho chiseko, a Malawi ndi a Zambia atagwirana mapewa. A Shaba anaseka mpaka misozi, ndipo misozi inayo sinali ya chiseko. Anagwira dzanja la mnzawo ndi manja awiri.

“Ndinalakwa, wapampando. Kwanu kunapsa ine nditakhala pansi. Mwabwera chifukwa cha aNyaHara awa, osati ine.”

“Mbwenu muwasunge bwino,” anayankha a Kingstone. “Dziko lanu lonse lapulumukira pa ndowa yawo.”

A kumsika atabwerera madzulo anapeza anthu amene ankawatcha adani atakhala pabwalo la a Shaba, akumwa thobwa, nkhope zili mbuu ndi phulusa. Panalibe amene anafunsa za njinga kapena za chigayo. Loweruka lotsatira a Shaba anapha mbuzi ziwiri, ndipo limu linakwezedwa pa ngolo ya a Kingstone, amuna a mbali zonse akuponda gule wa ingoma pambuyo pake mpaka fumbi kukwera. Analipachika pa mkuyu paja ndi unyolo watsopano. A Shaba anapempha okha kuti chigawo cha Malawi chimene chinatsala chilambulidwe sabata yomweyo, ndipo anali oyamba kufika ndi chikwanje. Matabwa oyamba atachekedwa chaka chotsatira, ena anawoloka malire kukamanga nkhokwe ija inapsa.

Masiku ano a Shaba amamwera tiyi pa mpando wamba wa nsungwi, ndipo amadandaula kuti ndi wolimba. A Kezia amangowayankha kuti bola umenewo sukhala ndi ntchito ina. Mlendo akafunsa chifukwa chake anthu a mayiko awiri amalambula tchire limodzi, bamboyo amaloza nkhalango yawo, kenako amaloza kutsidya kumene ndevu za a Kingstone zinameranso mopotoka mbali imodzi, n'kunena mawu amene akale anasiya, oyenera mudzi ndi mudzi, dziko ndi dziko: mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.