Mlatho ndi anthu a kusukulu

Panali mkulu wina wa asilikali amene ankaiona nkhondo yonse ali m'hema. Tindege topanda woyendetsa tinkamutumizira zithunzi, iye n'kumalamula pa wailesi kuti awa abisale, awa asunthe, awo adikire. Asilikali ake anazolowera kudikira mawu ake, moti palibe ankasuntha mkuluyo asanalankhule.

Tsiku lina anatuma lefutenanti wina ndi gulu lake kukalondera mlatho wa matabwa. Kuseri kwa mlathowo kunali sukulu imene munadzaza anthu othawa nkhondo, ambiri mwa iwo amayi ndi ana.

Adani anasokoneza mawailesi. Tindege tija tinasiya kutumiza zithunzi, ndipo wailesi inkangolira phokoso lokhalokha.

Inali nyengo ya chilimwe, mtsinje utaphwa. Lefutenanti atayang'ana kumunsi anaona ng'ombe zikuwoloka pamchenga, madzi akulekeza m'maondo. Anazindikira kuti adani sakufunika kudzera pamlatho kuti afike kusukulu, ndipo anauza gulu kuti likonzeke kupita kumchenga kuja.

Sajeni, munthu wa imvi amene anaona nkhondo zambiri, anamukokera pambali.

"Bwana, lamulo lati mlatho. Mukachoka pano, nyenyezi ili paphewayo muitsanzikiretu."

"Mlathowu anatitumira chifukwa cha ndani, a Sajeni?"

Sajeni anayang'ana kusukulu, kumene zovala za ana zinali zitayanikidwa pampanda. Ananyamula mfuti yake n'kutsogola.

Adani anabweradi pamchenga paja. Anapeza asilikali atabisala kale m'bango, ndipo atalephera kuwoloka anabwerera. Koma ena mwa iwo anadzera kumlatho, anaupeza wopanda mlonda, n'kuutentha.

Wailesi itayambanso kumveka, mkulu uja anaona utsi pazithunzi zake.

"Mlatho wanga uli kuti?"

"Wapsa, bwana. Ndinausiya ndine. Kusukulu sikunafe munthu."

Mkuluyo anamuchotsa lefutenanti uja paudindo wotsogolera gululo chifukwa chophwanya lamulo. Lefutenanti anapereka sawatcha, ndipo sanapepese.

Inu amene mukuphunzira kutsogolera asilikali, nkhondo ya masiku ano ili ndi maso ambiri ndi makutu ambiri, ndipo zonsezo mdani akhoza kuzitseka nthawi imodzi. Mukamatuma munthu, musangomuuza pokaima. Muuzeninso chimene sichiyenera kutayika, kuti mawu anu akaduka akhalebe ndi poyambira kuganiza. Ndipo tsiku limene mudzatsale nokha, lamulo likuloza kwina, anthu amene munatumidwa kuteteza ali kwina, musayembekeze kuti mudzayamikiridwa. Mwina mudzalangidwa ndithu. Sankhani muli maso, ndipo mukadzafunsidwa mudzayankhe ndi dzina lanu.