Kadontho ka Kuseri kwa Wotchi

Mu mzinda wina munali mayi amene ankagulitsa tinthu ting'onoting'ono pafupi ndi siteji ya minibasi. M'mawa uliwonse ankayala chiguduli pansi ndi kundandalikapo katundu wake: timatochi, tizidole tolira tikafinyidwa, magalasi a dzuwa, timagalimoto ta pulasitiki, ndolo, zomangira tsitsi, ndi mawotchi apamkono onyezimira ngati a mabwana koma a mtengo wa anthu wamba. Malondawo anali atangowayamba kumene. Mwamuna wake anali atachotsedwa ntchito, ndipo banja lonse linkadalira chigudulicho.

Katunduyo ankamupikula m'makatoni kwa wamalonda wina wamkulu. Sipanapite nthawi, anazindikira kuti m'katoni iliyonse mumakhala zakufa. Tochi ina siinkayaka. Chidole china sichinkalira. Wotchi ina inali itaima isanayambe n'komwe kuyenda. Atabwerera nazo kumene anapikula, anangomulozera chikwangwani cha pakhomo chonena kuti katundu akatuluka sabwezedwa. Anabwerera kunyumba mutu utaima.

Amene anamulangiza chochita anali Anachisale, mayi wachikulire amene ankatsogolera gulu la amalonda a pa sitejipo. Lachinayi lililonse gululo linkachita hayala lole kupita ku msika wina wakumudzi, kuseri kwa mapiri. M'tauni ogulitsa anali ochuluka kuposa ogula, choncho tsiku la Lachinayi ndi limene linkadyetsa mabanja awo sabata yonse. Anachisale anamupezera mayi uja malo pa loleyo, kenako anamufotokozera mwambo wa gululo, modekha ngati akukamba za nyengo.

Mwambowo unali wotere. Katoni ikafika, katundu amayesedwa kunyumba. Mawotchi aja amabwera ndi kapepala komatidwa pagalasi, kolembedwa manambala a nthawi, moti woyang'ana amayesa kuti wotchi ikuyenda. Wamalonda amatukula pang'ono ngodya ya kapepalako, n'kusuzumira kunsi kwake, n'kukamatanso. Chakufa chilichonse amachiika kadontho ka utoto wopaka m'zikhadabo kuseri kwake. Zopanda kadontho zimagulitsidwa m'tauni. Za kadontho zimakwera lole.

Mayi uja anafunsa chifukwa chake. Anachisale anaseka.

"Wa m'tauni mawa akupeza pomwepa, mwinanso atatsagana ndi wapolisi. Nanga wakumudzi akakupeza kuti, mwana wanga? Akafika kwawo aziyesa kuti wawononga ndi mwana wake."

Panalinso lamulo lachiwiri. Ku msika wa Lachinayi palibe amene ankaloledwa kumatula kapepala ka wotchi kapena kuyesa chinthu pamaso pa wogula, chifukwa mmodzi akangoyamba, ogula onse adzafuna kuyeseredwa. Woswa lamuloli, malo ake pa lole ankapatsidwa kwa wina.

Mayi uja nkhaniyi inamukhala pamtima ngati mwala, koma anadzitonthoza. Si iye amene anapanga mawotchi akufa. Nayenso anali atapusitsidwa. Ngati aliyense akankhira tsoka kwa wotsatira, iye ndani kuti alisenze yekha? Anagula kabotolo ka utoto wofiira, ndipo kwa masabata angapo zinthu zinayenda monga anauzidwa.

Tsiku lina masana, ali pakati posankhula katoni yatsopano ya mawotchi, kunabwera uthenga wa maliro a kwa oyandikana nawo. Anasiya ntchitoyo m'manja mwa mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, amene anali atabwera kudzacheza. Anamuonetsa mofulumira katukulidwe ka kapepala, n'kumuuza kuti aziika kadontho kuti zabwino zisiyane ndi zakufa. Sananene zoposa pamenepo.

Mlamuyo anaganiza monga angaganizire munthu aliyense amene sanaphunzitsidwe za malondawo. Chizindikiro chimaikidwa pa chinthu chabwino. Ndani angawononge utoto pa chinthu chakufa? Choncho anaika kadontho pa wotchi iliyonse yoyenda, n'kusakaniza zonse ndi zimene mwini wake anali atasankhula kale, n'kubwerera kwawo ali wokondwa kuti wathandiza.

M'mawa mwake bambo wina wovala tayi anagula wotchi yopanda kadontho. Ola lisanathe anabweranso, akukalipa moti anthu odikira minibasi anatembenuka. Mayi uja anapepesa mpaka kutsala pang'ono kugwada. Anasankha ina, anamatula yekha kapepala pamaso pa bamboyo kuti aone kuti ikuyenda, ndipo anamuonjezera kachingwe kopachikira makiyi kuti mtima utsike. Kenako kunabwera wodandaula wachiwiri, ndiye wachitatu. Ataimbira foni mlamu wake ndi kumva zimene zinachitika, anangokhala pansi. Theka la madontho linkatanthauza imfa, theka lina moyo, ndipo utoto unali umodzimodzi. Kuyesanso sikunali kotheka, pakuti kapepala kaja kakatukulidwa kawiri sikamamatiranso. Limenelo linali Lachitatu.

Lachinayi pa lole anaulula nkhaniyo kwa anzake, ndipo anaseka mpaka kugwirana mapewa. Wina anati lero akumudzi avala za m'tauni osakwera basi. Wina anafunsa ngati mlamuyo angabwerekedwe kuti akasankhulire adani ake. Anachisale anati asadandaule, kumene akupitako chilichonse chimagulika. Chomvetsa chisoni n'chakuti mawotchi abwino akatayika chabe.

Mawu amenewo ndi amene anamusokoneza kwambiri. Lole inkagwedezeka m'mabampu, iye akungowatembenuza m'mutu. Wotchi yakufa pa mkono wa wovala tayi, onse anaitcha ngozi. Wotchi yoyenda pa mkono wa mlimi, onse anaitcha kutaya. Mlamu wake analakwitsa, zimenezo n'zoona; koma analakwira yani? Akayesa kuganiza kuti wolakwa ndi mlamuyo, ankaona kuti ndi yekhayo amene sanafune kupusitsa munthu. Akayesa kuganiza kuti wolakwa ndi Anachisale, ankakumbukira kuti popanda iwo ana ake akanagona ndi njala. Anafika ku msika asanapeze poyambira kapena pothera.

Dzuwa litafika pamutu, pa chiguduli chake panaima bambo wina wa buluku la zigamba, fumbi litafika m'maondo. Ananjuta, n'kuyang'ana mawotchi nthawi yaitali osakhudza. Kenako anafotokoza kuti mwana wake wamkazi ayamba mayeso a fomu folo sabata yamawa. M'chipinda cholembera mulibe wotchi ya pakhoma, ndipo pa mayeso oyeserera nthawi inamuthera akadali pakati pa funso. M'banja lawo lonse palibe amene anafikapo pamenepo. Iye ananyamuka kwawo tambala woyamba atalira kuti adzamugulire wotchi.

Anasankha ya lamba wobiriwira. Mayi uja anaitembenuza ngati akuipukuta. Kuseri kwake kunali kadontho. Koma kadontho ka dzanja la yani?

Bamboyo anaika wotchiyo pakhutu ndi kufunsa chifukwa chake siinkagunda. Wamalonda wa pambali anayankha msanga kuti zamakono sizigunda, ndipo ena anaseka. Bamboyo anagwedeza mutu mwamanyazi, n'kuyang'ana mayi uja m'maso.

"Manambalawa ine sinditha kuwerenga, mayi. Mungondiuza ngati ikuyenda. Mawu anu ndi amene nditenge."

Mayi uja anayang'ananso kadontho kaja. Akati ikuyenda, mwina akhala akunena zoona. Akati siikuyenda, mwina akhala akunama. Masabata onse aja ankadziwa pamene akupusitsa munthu, ndipo ankatha kuyang'ana kumbali. Lero sankadziwa, ndipo kusadziwako kunamutsegulira khomo lothawira. Akanatha kugulitsa, n'kudzadziuza kuti mwina inali yabwino, ndipo palibe akanamutsutsa, ngakhale mtima wake womwe. Kumbuyo kwake Anachisale anatsokomola kawiri. Mayi uja anaganiza za malo ake pa lole. Anaganiza za ana ake. Anaganizanso kuti dzulo lomweli anamatula kapepala pamaso pa munthu amene sanachite kupempha. Anafunafuna kusiyana kwa bambo wa dzulo ndi bambo wa leroyu, ndipo anapeza kumodzi kokha: wina akanatha kubweranso, wina sakanatha.

Sanamvetse zonse. Koma chikhadabo chake chinalowa kunsi kwa kapepalako, ndipo anakamatula konse.

Pagalasi panalibe kanthu. Anatenga yachiwiri, namatula, panalibenso kanthu. Yachitatu itamatulidwa, manambala anaoneka akusintha okha. Anafunsa nthawi kwa munthu wina wa foni, anaikonza, n'kuipereka ndi manja awiri. Bamboyo anaomba m'manja pothokoza, anaikulunga m'kansalu, n'kunyamuka. Sanadziwe n'komwe zimene zinali zitachitika.

Koma oima pafupi anaona. Mayi wina amene anali atangogula wotchi pa chiguduli chapambali anamatula kapepala kake, n'kuikweza m'mwamba kuti onse aone galasi lopanda kanthu. Nkhani inayenda msika wonse ngati moto wolusa m'tchire louma. Wa tochi anafuna kuti iyatsidwe. Wa chidole anafuna kuti chilire. Amalonda anayamba kulongedza dzuwa likadali m'mwamba.

Pokwera lole, Anachisale sanakalipe. Anangouza woyendetsa kuti atsitse thumba la mayi uja.

"Ndinakutola ulibe pogwira. Lero wathira dothi m'mbale za anzako onsewa. Lole ino ndi ya anthu omvana."

Mayi wina wamasiye, wa ana asanu, anasuzumira kuchokera pamwamba pa katundu misozi ili m'maso, n'kumufunsa kuti tsopano iye wamasiyeyo, zakufa zimene zadzaza thumba lake akazigulitsa kwa yani. Funsolo linali loona. Wamasiyeyo sanali mfiti kapena mbala ya usiku. Anali munthu wopanikizika ngati mayi uja.

Lole inanyamuka. Fumbi litatsika, mayi uja anali yekha pambali pa msewu. Sanamve chimwemwe cha munthu wolungama. Sanadziwe ngati wapulumutsa munthu mmodzi kapena wavulaza anthu khumi, ndipo sanadziwe chokawauza a kunyumba. Anapinda nkhata, anasenza thumba lake, n'kuyamba ulendo wautali wopita ku msewu wa tala.

Abale ndi alongo, fanizo lathera pamenepo. Ndikudziwa kuti ena mukudikira kumva kuti mtsikana uja anakhoza mayeso, kapena kuti mayiyo analemera pambuyo pake. Sindikuuzani zimenezo, chifukwa mayiyo sanazimve, ndipo ambiri amene amachita chilungamo sazimva.

Chimene ndikufuna mutenge ndi chimodzi. Chinyengo cha m'dziko muno chimayenda ngati madzi: chimatsetserekera kumunsi. Wopanga amakankhira wopikulitsa, wopikulitsa amakankhira wamalonda, wamalonda amafunafuna wofooka kuposa iye, mpaka chonsecho chikagwere munthu amene alibe womukankhira, alibe thiransipoti yobwererera, alibe mawu omveka ku ofesi iliyonse. Ndipo aliyense pa mzerewo ali ndi chifukwa chomveka. N'chimene chimandikwiyitsa. Tazolowera kotero kuti chabwino chikafika kwa wosauka timati chatayika, ndipo sitimva n'komwe kuipa kwa mawu athuwo.

Sizichitika pa msika pokha. Pali odwala amene timawafotokozera bwino za mankhwala, ndi ena amene timangowaponyera kapepala. Pali ana amene timawaphunzitsa mosamala chifukwa makolo awo amadziwa kufunsa. Ngakhale m'nyumba ya Mulungu muno, timadziwa amene tiyenera kumulandira pakhomo ndi amene angapeze yekha pokhala.

Chilungamo chimene timachitira okhawo amene angathe kubwera kudzatikalipira si chilungamo ayi. Amenewo ndi mantha chabe, atavala zovala za ulemu. Mulungu sayeza mtima wa munthu pamene waima pamaso pa wamphamvu, pakuti pamenepo aliyense amakhala woongoka. Amauyeza pamene waima pamaso pa munthu amene sadzaonana nayenso, amene sadzadziwa n'komwe kuti anapusitsidwa, amene wangoti, mawu anu ndi amene nditenge.

Nthawi imeneyo ikadzakufikani, mwina mutu udzakhala utaima ngati wa mayi uja. Mudzakhala ndi zifukwa zambiri zokhalira chete, ndipo zina zidzakhala zoona. Musadikire kuti mumvetse zonse. Munthu ali patsogolo panuyo alibe wina womuimira koma Mulungu, ndipo Mulunguyo, tsiku limenelo, alibe manja ena koma anuwo.