Denga Loyenda ndi Miyendo Iwiri

Kalekale, m'mudzi wina wa kuseri kwa phiri, munali munthu dzina lake Chatsalira. Pakamwa pake, ana inu, panali pakuthwa ngati chikwakwa.

Akakumana ndi Bwanali wachibwibwi, ankati, "Yambani lero kupereka moniwo, a Bwanali, kuti mumalize mawa." Anthu n'kuseka. Akaona Mdzinga wadazi, ankati, "Vundikirani mutuwo, atambala akuyesa kuti dzuwa latulukanso." Anthu n'kuseka mpaka misozi.

Tsono chaka china, nyengo yotentha, kamvulumvulu anasasula denga la nkhokwe ya Chatsalira n'kulimwaza. Chimanga chonse pamtetete. Iye analuka denga lina pansi, monga timachitira, n'kulifolera bwinobwino. Chinatsala n'kulikweza, ndipo denga sakweza munthu mmodzi. Kum'mawa mitambo inali itayamba kale kuda.

Anapita kwa Bwanali. "M-m-msana," anatero Bwanali. Anapita kwa Mdzinga. "Ndikukaona misampha," anatero Mdzinga. Khomo ndi khomo, wina msana, wina misampha, wina apongozi akudwala.

Chatsalira sanakwiye ayi. Anadabwa. "Anthu omwewa ndimawaseketsa tsiku ndi tsiku. Nanga kuseka konseko kumapita kuti?" Funsoli linamuyabwa ngati chitedze.

Analawira kwa msuweni wake Nangozo, woumba mbiya, amene pakhomo pake sipankasowa anthu.

"Mkazi wanga," anatero Chatsalira, pajatu pachisuweni amaitanana choncho, "nthabwala zako n'zozizira ngati phala la dzulo. Koma dongo anthu amakusenzera, nkhuni amakutolera. Unasamba chiyani?"

"Amuna anga opanda denga," anayankha Nangozo, manja ali m'dongo, "iwe ukamaseketsa anthu umayang'ana chiyani?"

"Mano."

"Lero usayang'ane mano. Ufunefune pakamwa potseka."

Chatsalira anapita pansi pa mkuyu pamene amuna ankasewera bawo. Anaponya nthabwala ija ya atambala. Anthu anaseka. Iye anayendetsa maso. Anayendetsa, anayendetsa, n'kupapeza pakamwa potseka: Mdzinga, akukanda pansi ndi kamtengo. Anaponya ija ya moni. Mdzinga tsopano anaseka, koma Bwanali ndiye anali duu, maso pa bawo. Anaonanso china: osekawo ankaseka diso lili pa iye, ngati munthu wodutsa pafupi ndi galu woluma.

"Ohoo," anatero mumtima. "Nthabwala imodzi, pakamwa pamodzi potseka. Masiku m'chaka ndi ambiri, mudzi ndi waung'ono. Ndiye kuti aliyense ndinamudyapo kale."

Mawa lake anabwera ndi nzeru ina. Anaimirira n'kuyamba kudzinyoza yekha. "Ine ndine chitsiru cha mudzi uno. Ine ndine galu wopanda mwini. Amayi anga anangotaya nthawi pondibereka." Anthu anaseka. Anayendetsa maso, pakamwa potseka panalibe. Koma pobwerera kwawo pamtima panali polemera, ndipo mbatata anailuma kamodzi n'kuisiya.

"Panalibe potseka, nanga bwanji ndikumva ngati andimenya?" anafunsa kwa Nangozo.

"Panalipo," anatero Nangozo. "Ukanasuzumira mumtsuko wa madzi ukanapaona."

Ali chilankhulire, bingu linagunda kuseri kwa phiri. Chatsalira anathamanga. Mvula ikagwera m'nkhokwe, chimanga chiola, ana agona ndi njala chaka chonse. Analowa chokwawa pansi pa denga lija, n'kulisenza pamapewa, n'kudzuka nalo monjenjemera.

Koma m'kati mwa denga mulibe zenera, ana inu. Anayenda, osaona. Anatembenuka, osaona. Nkhokwe inali kumanja, iye analowera kumanzere. Nkhuku balala. Mbuzi zinadula zingwe. Denga lija, tumiyendo tiwiri pansi, linatsetsereka ndi njira mpaka pa mkuyu, n'kugunda tsinde, phwa!

Amuna a bawo anangoti kukamwa yasa.

M'katimo Chatsalira anaganiza mmene akuonekera kunja, ndipo chiseko chinamutulukira chokha, chochokera m'mimba.

"Odi kuno," linatero denga. "Mwaionako nkhokwe yopanda chipewa? Tinasiyana pamphambano."

Amuna aja anagubuduka ndi kuseka. Bwanali anaimirira n'kuloza.

"Bo-bo-bo..."

Mawu akuthwa anafika pansonga ya lilime la Chatsalira. Denga likumupsinja, iye anawameza. Anadikira.

"Bo-bo-bowa wa chaka chino wamera mi-miyendo."

Ha, kuseka kwa tsiku limenelo. Azimayi anasiya misi m'mitondo. Chatsalira anapatula udzu ndi chala n'kusuzumira. Anayendetsa maso. Anayendetsa, anayendetsa. Pakamwa potseka panalibe, ndipo nthiti zake zomwe zinkawawa ndi kuseka.

Kenaka mapewa anapepuka. Manja ambiri anali atagwira m'mbali mwa denga, uku Bwanali, uku Mdzinga. Misana inali itachira, misampha itaiwalika. Dontho loyamba la mvula linagwera pa dazi la Mdzinga, tho!

"Fulumirani, anzanga," anatero Mdzinga. "Nkhokwe ipeza denga lero, koma ine langa linapita kalekale."

Anaseka onse, mwini dazi patsogolo. Denga linakhala pamalo pake mvula isanalimbe, ndipo chimanga sichinanyowe ngakhale chitsononkho chimodzi.

Nangozo anafika atadziphimba ndi lichero. "Amuna anga, mwayankhidwa? Kuseka kumapita kuti?"

"Kwina kumapita kumsana kwa anthu," anatero Chatsalira, "kwina kumabwera m'manja mwawo."

Nthano yanga yathera pamenepa, phulani chimanga chanucho chisanapserere. Ukaseketsa anthu usawerenge mano, yang'ana ngati pali wina watseka pakamwa, ngakhale wina wakeyo ndiwe.